Mwana akufuna kuphunzira zofufuza umboni m'mafoni, akuti ayambe ndi chaka chokonzekera

NaPhiri (Ulongwe):
Mwaswera bwanji nonse a pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Mwana wanga wachisamba watsiriza 12ª classe, anatenga mbali ya Ciências ndipo masamu anapeza 15 pa 20. Akuti akufuna kuphunzira zimene akuzitchula kuti digital forensics, ati ndi ntchito yofufuza umboni m'mafoni ndi m'makompyuta pakakhala mlandu. Wapeza masukulu a ku England amene amaphunzitsa zimenezi, koma akumuyankha kuti ndi satifiketi yakeyi sangalowe chaka choyamba, ayambe wachita kaye foundation year. Ndiye ndikufunsa: chaka chimenechi n'chiyani? Ndi sukulu yeniyeni kapena ndi njira yotidyera ndalama ife ochokera kutali? Amalume ake akuti ali okonzeka kugulitsa ng'ombe. Ine mtima uli m'mwamba, chifukwa ng'ombezo ndi za mbumba yonse, si zathu tokha.

aTembo (Zobwe):
Mayi, ng'ombe zisatuluke m'khola musanamve zonse. Ine pa malire pano ndaona makolo akulira chifukwa cha anthu olonjeza sukulu za kunja. Akupemphani kale ndalama?

NaPhiri (Ulongwe):
Ayi bambo, palibe watipempha kanthu. Mwanayo akulemberana ndi masukuluwo yekha.

Aphunzitsi (Domwe):
Mayi NaPhiri, mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Chaka chimenechi ndi chenicheni, si chinyengo, ndipo sikuti akupeputsa mwana wanu. Nkhani yake ndi ya kawerengedwe ka zaka. Kwathu kuno mwana amatha zaka 12, kuyambira 1ª mpaka 12ª classe, kenako licenciatura imatenga zaka 4. Ku England ana amatha zaka 13, ndipo zaka ziwiri zomaliza amangolimbana ndi maphunziro atatu okha, amene amati A-level, kuwakumba mozama. N'chifukwa chake digiri yawo imatenga zaka 3 basi. Mwana wathu akafika kumeneko amakhala kuti wadziwa maphunziro ambiri pang'onopang'ono, pamene mnzakeyo wadziwa atatu koma mpaka pansi. Chaka chokonzekeracho ndicho chimakwirira dzenje limenelo. Mukaphatikiza, 12 ndi 4 kwathu ndi 16. Kwawoko 13 ndi 3 ndi 16. Mwana wanu 12, chaka chokonzekera 1, digiri 3, ndi 16 yemweyo. Palibe chaka chimene wabedwa.

NaMbewe (Leeds):
Aphunzitsi anena zoona. Amayi, ine ndine wa ku Tsangano, ndinadutsa njira imene mwana wanu akuifunayo, panopa ndili chaka chachiwiri cha digiri. Ndikuuzani momwe zinalili.

M'kalasi mwathu simunali alendo okhaokha. Munali azungu akonkuno amene sanakhoze bwino A-level, munali bambo wina wa zaka za m'ma 40 amene anasiya ntchito yoyendetsa basi, munali ife. Chaka chimenecho za milandu simuzikhudza kwenikweni. Tinkaphunzira masamu a kompyuta, kuwerenga kwa 0 ndi 1 ndi kuwerenga kwa hexadecimal komwe manambala amafika pa 9 n'kupitirira ndi zilembo A mpaka F. Tinayamba kulemba mapulogalamu ndi Python. Tinaphunzira momwe makompyuta amalankhulirana pa netiweki. Koma chimene chinandithandiza kwambiri ndi phunziro la kalembedwe: kulemba lipoti, kusonyeza kumene watenga mfundo iliyonse, osakopera. Kwathu tinazolowera kuloweza zimene aphunzitsi alemba pa bolodi n'kuzibweza pa mayeso. Kuno ukatero akuti waba ntchito ya mwini, ndipo ndi mlandu waukulu pa sukulu.

Miyezi iwiri yoyamba sindinkamva bwino zimene aphunzitsi akunena. Chingerezi cha anthu a dera lino n'chosiyana ndi chimene tinkamva pa wailesi ya ku Malawi. Ndinkajambula mawu ndi foni n'kumamvetsera usiku kawiri katatu. Zikanakhala kuti ndinalowa chaka choyamba mwachindunji, ndikanagwa ndithu.

Koma chenjerani, mitundu yake ilipo iwiri. Wina ndi wakuti chaka chokonzekeracho chili m'kati mwa digiri, mumalembetsa kosi imodzi ya zaka 4, mukakhoza mumangopitirira. Wina ndi wa alendo okhaokha, ndipo kawirikawiri umayendetsedwa ndi koleji ina yogwirizana ndi yunivesiteyo. Kumeneko amaika malikisi amene uyenera kufika kuti akulandire chaka choyamba. Kuno kukhoza kumayambira pa 40 pa 100, koma akhoza kukuuza kuti kosi yako ikufuna 50 kapena 60. Mwana afunse zimenezi ndipo amuyankhe polemba.

NaPhiri (Ulongwe):
Zikomo achemwali. Nanga ntchito yakeyo imakhala yotani? Chifukwa ine ndimaona ngati ndi kukonza mafoni komwe kuja, kumene anyamata amachita pa msika.

aBanda (wokonza mafoni, Moatize):
Mayi, ine ndi amene ndimakonza mafoni pa msika, zaka 11 tsopano, ndipo ndikuuzani kuti si ntchito imodzi. Ndinadziwira pa chinthu chimene chimandipwetekabe mtima.

Kunabwera mayi wina ndi foni ya mwana wake wamkazi. Mwamuna wina ankamuopseza mtsikanayo pa mauthenga, kuti akapanda kumutumizira ndalama amwaza zithunzi zake. Foniyo inali ikuzimazima, ikutentha. Mayiyo anati ndiikonze kuti akaonetse kupolisi. Ine ndinachita zimene ndimachita tsiku lililonse. Ndinajambula mauthenga angapo ndi foni yanga, kenako ndinaifulasha foniyo kuti iyambe bwino. Inayaka bwinobwino, mayi uja anathokoza, analipira. Patapita masiku atatu anabweranso maso ali ofiira. Zimene ndinajambula zija zinalibe tsiku, nambala ya munthuyo sinkaoneka yonse, ndipo m'fonimo munalibenso kanthu. Mwamunayo anangokana kuti si iye, kuti zithunzi ngati zimenezo aliyense atha kupanga. Ndinafufuta umboni ndi manja angawa, ndikuganiza kuti ndikuthandiza.

Kuyambira tsiku limenelo munthu akabwera ndi foni n'kutchula mawu akuti mlandu, sindiigwira. Ndimamuuza kuti aike pa modo avião, asaizimitse, asafufute chilichonse, apite nayo kwa ofufuza. Ife okonza timafuna foni igwire ntchito. Iwowo amafuna foni isasinthe ngakhale kadontho.

NaJere (Furancungo):
Eee abambo, nkhani imeneyi yandikhudza. Mtsikanayo anathandizidwa?

aBanda (wokonza mafoni, Moatize):
Anasintha nambala, anapita kukakhala kwa azakhali ake. Mlandu unathera pomwepo.

NaMbewe (Leeds):
Achimwene aBanda, zimene mwanenazo ndiye phunziro loyamba la chaka choyamba. Lamulo lake n'lakuti chimene wachilanda ngati umboni usachisinthe, ndipo ngati wakakamizika kuchikhudza, ulembe chimene wachita ndi chifukwa chake, kuti munthu wina akatsata mapazi ako apeze zomwezo.

Ndifotokoze tsiku loyamba kulabu. Anatipatsa aliyense hard disk ili m'thumba lomata, lolembedwa nambala. Usanatsegule umalemba pa fomu dzina lako, tsiku, nthawi, ndi amene wakupatsa. Amayi, mukudziwa belo la fodya likamapita ku msika limakhala ndi tikiti yosonyeza mwini wake, kuti lisasokonekere ndi la wina. N'chimodzimodzi, kungoti apa aliyense wogwira thumbalo amasaina. Pakangosowa dzina limodzi, loya wa woimbidwa mlandu anena kuti pamenepo ndi pamene munalowa zachilendo.

Kenako disikiyo suilumikiza ku kompyuta mwachindunji. Imadutsa pa kabokosi kotchedwa write blocker, kamene kamalola kuwerenga koma kamakana kulembamo chilichonse. Umakopera disiki yonse, ndi malo ooneka ngati opanda kanthu omwe, n'kugwira ntchito pa kopeyo. Yeniyeniyo imabwerera m'thumba. Nanga khoti lidziwa bwanji kuti kope ndi yofanana ndi yeniyeni? Pali masamu otchedwa hash. Mtundu wina, SHA-256, umatenga zonse zili m'disikimo n'kutulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64. Aphunzitsi athu anatiuza kuti titsegule kalata imodzi pa kope, tisinthe kadontho kamodzi kokha, tiwerengetsenso. Mzere wonse wa 64 uja unasinthiratu, osatsala ofanana ndi poyamba. Ndinakhala ndikuyang'ana mizere iwiriyo nthawi yaitali. Pamenepo m'pamene ndinaikonda ntchitoyi.

Koma mwana adziwe kuti gawo lalikulu ndi kukhala pansi, kuwerenga ndi kulemba. Nthawi yokha imasokoneza: kwathu tili maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi imene dziko lonse lapansi limayezerapo, ndipo mafoni ambiri amasunga nthawi ya UTC m'kati. Ukaiwala zimenezo uika munthu pamalo pamene sanalipo. Komanso ena amene amagwira ntchito ndi apolisi amaona zithunzi zoipa kwambiri, za nkhanza zochitira ana. Si aliyense angapirire.

NaPhiri (Ulongwe):
Tsopano ndayamba kumva. Ndikuuzeni chimene chinamuyambitsa. Chaka chatha nditagulitsa mbatata, ndinali ndi 18,000 meticais pa foni, za feteleza. Kunabwera uthenga wakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, ndipo tsiku lomwelo ndinali nditapangana ndi wogulitsa feteleza kuti anditumizira nambala. Ndinatumiza. Pofika madzulo wogulitsa weniweni akundiimbira kufunsa ndalama. Ndinakhala pansi pa khonde, miyendo inakana. Mwanayu sanalankhule kanthu, anatenga kope, analemba nambala ija, nthawi ya uthenga, nambala ya chiphaso cha kutumizako, zonse. Anandiperekeza kukadandaula atanyamula kope lakelo. Ndalama sizinabwerere, koma kuyambira pamenepo nkhani yake ndi imodzi: amama, anthu amenewa amasiya mapazi, kungoti owatsata ndi ochepa.

aTembo (Zobwe):
Pepani mayi. Mwanayo ali ndi mutu, palibe akukana. Koma tiyeni tikambe za ndalama, chifukwa tikungozungulira. Achemwali a ku Leeds, tiuzeni mosabisa, chaka chimodzi ndi zingati?

NaMbewe (Leeds):
Sindibisa. Mlendo amalipira kuposa mwana wakonkuno. Ngakhale masukulu otchipa amapitirira mapaundi 12,000 pa chaka, fizi yokha. Paundi imodzi ndi 80 meticais ndi kupitirira, ndiye muwerenge pafupifupi 1 miliyoni pa chaka, kwa zaka 4. Kuti apeze visa ayenera kusonyeza kuti ali ndi fizi ya chaka choyamba, komanso ndalama zodyera ndi zogona zopitirira mapaundi 1,000 pa mwezi kwa miyezi 9, ndipo zikhale zitagona mu akaunti masiku 28 osatsika. Pali ndalama ya zachipatala yolipiriratu ya zaka zonse, pali kuyezetsa TB, pali tikiti ya ndege. Amalola wophunzira digiri kugwira ganyu maola 20 pa sabata, koma imeneyo ndi ya chakudya, singalipire fizi.

Ine musanditengere chitsanzo pa ndalama. Ndinabwera potsatira amuna anga amene amagwira ntchito m'chipatala, nyumba inalipo kale, ndipo ngakhale zili choncho tikulipira movutika.

aTembo (Zobwe):
Mwamva? Chikomekome cha nkuyu. Khola lonse silikwana ndi chaka chimodzi chomwe. Ndipo choopsa n'chakuti mwana akachita chaka chokonzekera chokha ndalama n'kutha, abwerera ndi pepala limene kuno palibe angalizindikire.

Amalume ake (Domwe):
Ndine mlongo wake wa NaPhiri, ndikulemba pa foni ya mwana wanga. Ndawerenga zonse. Ine sukulu ndinalekeza 4ª classe nthawi ya nkhondo, tinathawira ku Dedza, tinabwerera pambuyo pa 1992 tilibe ndi nkhuku yomwe. Ng'ombe zimenezi tazisonkhanitsa imodziimodzi. Ndikanena kuti ndigulitsa, sindikunena mopepuka. Bambo ake a mwanayu anamwalira, ndiye udindo ndi wanga. Sindikufuna kuti tsiku lina adzati amalume anali ndi ng'ombe koma anandikaniza sukulu. Koma nambala zimene achemwali atchulazi zandiposa. Ng'ombe zilipo 14. Ngati pali njira ina, tiuzeni.

aMwale (Songo):
Amalume, njira ilipo, ndipo ndi imene ine ndinadutsa. Ndinaphunzira Engenharia Informática konkuno, panopa ndimayang'anira manetiweki pa kampani ina. Ndikuona kuti mwanayu wakodwa ndi dzina la kosi. Dzina si kanthu kwenikweni. Pansi pa digital forensics pali zinthu zimene kosi iliyonse yabwino ya informática imaphunzitsa: momwe kompyuta imasungira mafayilo, Linux, manetiweki, ma database, kulemba mapulogalamu. Mauthenga a WhatsApp m'foni amasungidwa mu database ya SQLite. Amene anaphunzira bwino SQL, chiyankhulo chofunsira zimene zasungidwa mu database, wafika kale theka la ulendo.

Ku Tete kuli Instituto Superior Politécnico de Tete, amaphunzitsa Engenharia Informática. Ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane. Kutsidya ku Malawi, MUST ya ku Thyolo ili ndi digiri ya Computer Systems and Security. Ku South Africa nako kuli makosi owonjezera chaka ofanana ndi foundation year yomweyi, ndipo University of Pretoria imadziwika pa kafukufuku wa digital forensics. Zonsezi zili pansi kwambiri pa mtengo wa ku England.

Akatsiriza licenciatura, agwire ntchito zaka ziwiri, kenako afunsire bolsa, thandizo lolipirira sukulu, ya masters, digiri yachiwiri. Chevening, ya boma la Britain, imalipira masters ya chaka chimodzi, fizi, ndege ndi chakudya, ndipo imafuna munthu wa digiri amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Dziko lathu linalowa mu Commonwealth mu 1995, ndiye ma bolsa a kumeneko nafenso timafunsira. Ma bolsa a digiri yoyamba ku England ndi osowa kwambiri, a masters ndiye amapezekako. Azionanso zimene Instituto de Bolsas de Estudo imalengeza.

Chinanso chimene sitinachikambe ndi malamulo. Ku England akaphunzira Computer Misuse Act ya 1990 ndi kayendetsedwe ka makhoti awo. Akabwera kuno apeza Código Penal ndi Código de Processo Penal za 2019, lamulo la Transacções Electrónicas la 2017, ndi lipoti lolembedwa m'Chipwitikizi. Ofufuza milandu kuno ndi a SERNIC, imene inalowa m'malo mwa PIC mu 2017. Kupatula iwowo, ntchito zili ku mabanki, ku makampani a mafoni amene amayendetsa M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, ku migodi, ndi kwa owerengera mabuku a makampani.

NaMbewe (Leeds):
Achimwene aMwale, pa ndalama ndikugwirizana nanu. Koma pakuti dzina la kosi si kanthu, pamenepo ayi. Ife kulabu timagwira zida zimene apolisi amagwiritsa ntchito, Cellebrite, EnCase, Magnet AXIOM, zimene laisensi yake munthu payekha sangaigule. Timachita khoti loyeserera, umaimirira n'kufunsidwa mafunso ndi munthu amene akufuna kugwetsa lipoti lako. Zimenezo pa informática simuzipeza. Munthu atha kukhala katswiri wa manetiweki koma n'kuononga umboni ngati momwe aBanda anenera, chifukwa sanaphunzitsidwe kuopa kukhudza.

aMwale (Songo):
Sindikutsutsa achemwali. Ndikungoti zimenezo akazipeze pa masters, atakhwima, ndi ndalama za eni ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo zida zaulere zilipo: Autopsy, FTK Imager, Wireshark, Volatility. Atha kuyamba mawa.

NaMbewe (Leeds):
Atha kuyamba mawa, inde. Koma bolsa si ya aliyense wofunsira, ambiri amabwerera chimanjamanja. Tisamulonjeze ngati ili m'thumba.

Aphunzitsi (Domwe):
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo pali chinthu chimodzi chimene njira zonsezi zikufuna, chimene ana athu a kuno amachipeputsa: Chingerezi. Mwana wa ku Angónia amaona ngati amachidziwa chifukwa amamva wailesi ya kutsidya ndi kugula zinthu ku Dedza. Kulemba masamba asanu a lipoti ndi nkhani ina. Masukulu a ku England amafuna mayeso a IELTS, amene ali ndi zigawo 4: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. A chaka chokonzekera kawirikawiri amalandira 5.0 kapena 5.5, olowa mwachindunji 6.0. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye asathamangire kulemba asanadziwe kumene akupita. Kwa ife a kuno, Lilongwe ili pafupi kuposa Maputo. Ngakhale ataphunzira ku Tete, mabuku ndi malangizo a zida zimenezi ali m'Chingerezi. Mayi, mwanayo azibwera kwa ine Loweruka lililonse, tizikawerenga limodzi. Sindilipiritsa.

aTembo (Zobwe):
Ndiwonjezere chimodzi. Tsiku limene mudzaganize za kunja, ndalama musapatse munthu wapakati. Mwana afunsire yekha kudzera pa UCAS, bungwe lolandira makalata ofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain, kapena pa tsamba la yunivesite, fizi ipite ku akaunti ya sukulu. Sukulu yeniyeni imapereka nambala ya CAS yofunsira visa, ndipo dzina lake limapezeka pa mndandanda wa boma la Britain wa masukulu ololedwa kuitana alendo. Wina akakuuzani kuti tumizani pa foni kuti tikusungireni malo, ndi omwe aja a feteleza.

NaPhiri (Ulongwe):
Mwanayo ali pompano, wawerenga zonse. Akupempha alembeko.

Mwana wa NaPhiri:
Moni makolo anga nonse, zikomo chifukwa cha nthawi yanu. Amalume, ng'ombe musagulitse chifukwa cha ine, nambalazo ndaziona. Mtima ukuwawa koma ndamva. Azakhali a ku Leeds, ndili ndi funso. Tili ndi kamemori khadi ka mu kamera ya malemu bambo. Mng'ono wanga anakafufuta mwangozi ali wamng'ono, zithunzi zonse zinapita. Amama anakasunga m'kachitini, sikanagwiritsidwenso ntchito. Kodi zimenezi zingabwerere? Msuweni wanga ali ndi laputopu, atha kundibwereka.

NaMbewe (Leeds):
Mwanawe, ngati sikanagwiritsidwenso ntchito, mwayi ulipo waukulu. Kufufuta pa khadi ngati kameneko kuli ngati kuzula chikhomo cha m'malire a munda. Chikhomo chapita, koma mbatata zikadali m'nthaka mpaka wina adzalimepo zina. Khadi imangolemba kuti malo awa ndi opanda mwini, zithunzizo zimakhala pomwepo mpaka zatsopano zitalembedwa pamwamba. Mafoni amakono ndi ovuta chifukwa zonse amazitsekera ndi encryption, koma khadi ya kamera yakale ndi yofewa.

Uchite ngati ndi mlandu weniweni. Tenga kope, lemba tsiku, nthawi, mtundu wa khadi ndi kukula kwake, ndi kuti wailandira kwa amayi ako. Pambali pa khadi pali kabatani kolembedwa Lock, katsitse. Si write blocker yeniyeni, khoti silingakhutire nako, koma kwa lero kakwana. Windows ikakufunsa kuti ikonze kapena ifomate khadi, kana. Ndi FTK Imager panga kope ya khadi yonse, lemba hash imene ikupatse. Chotsa khadi, bwezera m'kachitini. Kenako tsegula kopeyo ndi Autopsy kapena PhotoRec. Chithunzi chilichonse cha JPEG chimayamba ndi FF D8 FF, ndipo pulogalamuyo imayenda m'kope monse kufunafuna chiyambi chimenecho. Zimene zapezeka usunge pa laputopu, osati pa khadi. Ukatha undilembere lipoti la tsamba limodzi m'Chingerezi, aphunzitsi akuthandize.

aBanda (wokonza mafoni, Moatize):
Ngati kowerengera khadi kalibe, ndili nako, nditumiza ndi wa chapa.

NaPhiri (Ulongwe):
Abale anga, ndabweranso patatha sabata. Kowerengera kaja kanafika, zikomo aBanda. Mwanayu anakhala pa laputopu masiku awiri, magetsi akazima akudikira, akayaka akupitiriza. Usiku wa Lachinayi anandidzutsa, amama bwerani. Zithunzi 212 zabwerera. Zina ndi zoduka, theka chithunzi theka mizere yotuwa, koma zambiri zili bwinobwino. Pali chimodzi bambo ake aimirira m'munda wa mbatata atavala chipewa chawo chija, khasu lili paphewa, mwanayu ali pambali atanyamula thumba lomuposa msinkhu. Ine nkhope yawo inali itayamba kundithawa m'maso. Tinakhala pa mphasa mpaka tambala woyamba, tikungoona chimodzichimodzi. Mng'ono wake amene anafufuta uja analira kuposa tonse.

Mwana wa NaPhiri:
Azakhali, lipoti ndatumiza. Hash ya kope ndi ya khadi zinafanana. M'kati mwa chithunzi cha m'munda muli tsiku, koma likuti 2008, pamene ine ndikuoneka wa zaka 12, ndiye sizingatheke. Ndikuganiza kuti wotchi ya kamera sinakonzedwe atasintha mabatire. M'lipoti ndalemba kuti tsikulo n'losadalirika, ndipo ndafotokoza chifukwa chake.

NaMbewe (Leeds):
Ndaliwerenga. Za wotchizo sindinakuuze, wazipeza wekha, ndipo wachita bwino kusalemba tsiku longoganizira. Chingerezi chili ndi zokonza zambiri, ndazilemba ndi zofiira. Waiwalanso kulemba nthawi imene unabwezera khadi kwa amayi ako. Konza, utumizenso.

Amalume ake (Domwe):
Takhala pansi ndi mlongo wanga ndi akuluakulu a mbumba. Tagwirizana kuti mwanayu alembe exame de admissão ya informática, ayese ku Tete ndi ku Maputo komwe. Ndigulitsa ng'ombe imodzi yokha, yamphongo, agule laputopu yakeyake asamabwereke. Zotsalazo zikhale za propina ndi nyumba akakhoza. Za ku England sitinatseke, tidzazikamba akadzatsiriza.

aMwale (Songo):
Laputopuyo musagule musanandifunse amalume. Ikhale ya RAM yosachepera 8 GB, 16 ndiye bwino, chifukwa Autopsy imalemera. Yogwiritsidwapo kale ntchito ilibe vuto. Mapepala a mayeso a admissão a zaka zam'mbuyo, a masamu ndi fizikisi, ndili nawo, nditumiza kwa aphunzitsi.

Aphunzitsi (Domwe):
Tumizani. Mwanawe, Loweruka 8 koloko, ubwere ndi lipoti lija ndi kope la masamu.

aBanda (wokonza mafoni, Moatize):
Ndipo pa tchuthi adzabwere kuno sabata ziwiri. Ndili ndi katoni ya mafoni akufa ndi makhadi anga akale oti aziyeserapo, malo ogona alipo. Ine ndimuonetsa kutsegula foni osathyola chingwe cha sikirini, iye adzandionetse za hash zija. Akakwera chapa ya m'mawa ku Ulongwe atsikire pa msika, andiimbire.